Kiyi wa Bokosi la Tilekeni

"Galu wako wandithera nkhuku, iwe Thokozile! Dzana thadzi, lero tambala. Ukufuna nditsale ndi nthenga zokhazokha?"

A Yoramu, malume ake, anaima pakhomo atanyamula mutu wa tambala, m'thumba la shati mukusuzumira kapepala ka tameki, mankhwala a makoswe aja. Thokozile ankakadziwa kapepalako. Chaka chatha kanamaliza agalu atatu m'mudzimo, popanda ndi mmodzi yemwe wogwidwa nkhuku ili kukamwa.

"Munamuona, malume?"

"Kuona chiyani? Galu ndi galu."

Tilekeni anali galu wa bambo ake. Ponyamuka ulendo wa ku Joni anamusiya m'manja mwa Thokozile, amvekere, "Uyu umusamale ndiwe." N'chifukwa chake mtsikanayo, amene mtima wake suchedwa kupsa, tsiku limenelo anameza mawu. Anapempha sabata imodzi yokha.

M'mawa mwake anapita pamsika wa Tsangano nabwerako ndi mabokosi awiri akale a matimati, misomali ndi kaloko. Ukalipentala sanauphunzire kwa munthu. Anadzitswa chala ndi hamala kawiri, natukwana, napitiriza. Pofika madzulo panali bokosi loti galu n'kuimiriramo, kutembenuka, kugona atawongola miyendo. Pansi anayalapo jekete lakale la bambo ake, poti chisanu cha kumapiri kuno sichiona nkhope.

Azimayi ochokera kumjigo anaseka mpaka madzi kutayika m'ndowa. "Eee, galu wamangitsa nyumba mwini wake asanakwatiwe! Malata mufolera liti?"

Thokozile anakhoma kaloko pabokosipo. Anatenga kiyi nakamuika m'manja mwa a Yoramu, anthu akuona.

"Musunge ndinu. Madzulo muzitseka nokha, m'mawa muzitsegula nokha. Masana azikhala nane kumunda, pachingwe."

"Ine ndikhale mlonda wa galu?"

"Woweruza mlandu amaona ndi maso ake, malume."

Tsiku loyamba galuyo analira, nakanda matabwa mpaka zikhadabo kuyera. Lachiwiri Thokozile anayamba kumudyetsera momwemo, phala la gaga ndi mitu ya matemba. Pofika tsiku lachinayi, dzuwa likangopendeka ankalowa yekha n'kudzipinda pajekete paja. Kutsata fungo la kudzala, kumene anthu amaponyako nyama zothira mankhwala, anasiya. A Yoramu ankabwera akung'ung'udza, koma ankabwera, chifukwa kukana kukanakhala ngati kuopa zoona.

M'mawa wa tsiku lachisanu ndi chimodzi kwa a Yoramu kunabuka phokoso. Thadzi lofungatira lagwidwa, mazira aphwanyika. A Yoramu anatulukira akuthamanga, m'dzanja muli nyama yothira kale tameki, anthu akuwatsatira pambuyo.

"Lero lokha afa basi!"

Thokozile anali paulendo wokakumba kachewere. Anaima kutsogolo kwa bokosi, khasu lili paphewa. M'katimo Tilekeni ankagwedeza mchira poona womutsegulira wake wafika. Loko anali chikhomere.

"Afa, chabwino. Koma muyambe mwamutulutsa. Tsegulani."

A Yoramu anapisa m'thumba la buluku. Kiyi analira pamodzi ndi wa njinga yawo, aliyense anamva. Kumbuyo kwa gulu mayi wina ananong'ona kuti vumbwe anaoneka kudambo sabata yatha.

"Mwina pali thabwa logwedera," anatero a Yoramu, mawu atatsika.

"Gwedezani limodzilimodzi. Ndikudikira."

Sanagwedeze. Koma nyama ija sanaitaye, anaifumbata ndithu, maso ali pagalu. Apa m'pamene mawu onse amene Thokozile anameza sabata yonse anatuluka.

"Ayi, musayang'ane galu, yang'anani ine. Dzulo madzulo anatseka ndani? Kiyi wagona m'thumba la ndani? Anthu onsewa akumvera. Yankhani, malume!"