Tiyi wa mu Ketulo ya Khofi

Mfumu ya ku Mangalande itaika msonkho pa tiyi, mudzi wonse wa m'dziko lina lolamulidwa ndi mfumuyo kutsidya kwa nyanja unalumbira m'tchalitchi kuti tiyi sadzalowanso m'kamwa mwa munthu. Wamalonda wina amene anagwidwa ndi tiyi kufupi ndi mzinda wa Boston anamupaka phula ndi nthenga, ndipo palibe anapondanso m'sitolo mwake.

Koma m'mudzimo munali mayi wina, Mehitable, amene apongozi ake, a Jabez, anali chigonere ndi chifuwa, ndipo masamba am'tchire amene anthu ankamwa m'malo mwa tiyi ankangowalavula. Choncho m'mawa uliwonse Mehitable ankatapako tiyi amene anabisa mumtsuko wa ufa, n'kumuphika mu ketulo ya khofi kuti wosuzumira pawindo asadziwe.

Tsiku lina atangoika ketuloyo patebulo, wina anagogoda. Anali a Ozias Whitcomb, a komiti yofufuza ophwanya pangano losamwa tiyi.

"Amuna anu a Eliphalet alipo, mayi?"

"Ali kuchigayo, bambo."

"Kuchigayo tsiku lililonse! Anzawo akuphunzira kuwombera pabwalo, iwo ali pa chimanga. Asilikali a mfumu akafika kuno adzawawaza ufa?" Anakhala pampando osauzidwa. "Kwazizira. Ndithirireniko khofiyo."

Mehitable anayang'ana ketuloyo. Chigayocho ndicho chinkadyetsa banja lonse, ndipo komiti ikangotchula dzina lawo, palibe akanabweranso ndi thumba. Koma mlendo sakanizidwa chakumwa. Anathira.

Fungo linadzaza nyumba. A Ozias anayang'anitsitsa m'kapumo, kenako anamwa atatsinzina. Kuchipinda a Jabez anakhosomola n'kuitana: "Mwanawe, wanga uja wapsa?"

"Khofi wanu ndi wofiirira bwanji," a Ozias anatero chapansipansi. Anamaliza kapu yonse n'kupukuta pakamwa. "Ine ndili ndi chimfine, mayi, sindikumva fungo lililonse. Koma chimfine chimatha." Anaimirira n'kuvala chipewa. "Loweruka ndiwaone a Eliphalet pabwalo, mfuti ili paphewa. Ndikawaona, chimfinechi chikhalitsa."

Atatuluka, Mehitable anapititsa tiyi wotsalayo kwa apongozi ake. Pobwerera anaima pafupi ndi moto, maso ali pa mfuti yopachikidwa pakhoma, imene mwamuna wake ankati ndi ya nkhandwe zokha, sadzalozetsa munthu.

Eliphalet atabwera madzulo, ali mbuu ndi ufa, anapeza mfutiyo ili patebulo, mkazi wake akuipukuta dzimbiri osamuyang'ana.