Maliro pa Chilembo cha N

Kalata inafika Lolemba, ndipo Lachitatu Lenifa Kalekeni anapita kuntchito ngati palibe chachitika. Anapala chipale pagalasi la kagalimoto kake, nayendetsa kuchokera ku Bowie mpaka ku Annandale, kunja kwa mzinda wa Washington ku Amereka, osatsegula wailesi. Munali mu Febuluwale, chaka cha 1979. Chisoni sankachimva. Sankamva kalikonse, ndipo zimenezo n'zimene zinkamuchititsa manyazi.

Kalatayo inachokera kwa mlongo wake Goodwin, mphunzitsi wa pulaimale ku Dowa. Sanaiponye ku positi ya kwawo, kumene makalata ankayamba awerengedwa ndi maso ena. Inadzera ku Lusaka m'thumba la munthu, ndipo inali ndi mizere isanu yokha. Bambo awo, a Fryson, amene anakhala m'ndende zaka zinayi osaonekera kukhoti, anamwalira mu Novembala. Kunyumba kunangobwera jekete ndi magalasi awo, pamodzi ndi lamulo loti pasamveke kulira. "Nawenso usachite phokoso kumeneko," analemba Goodwin, "ine ndikadali kuno."

Amalawi a ku Washington kukhuza maliro ankakudziwa. Wina akangotaya ngakhale azakhali a msuweni wake, nyumba inkadzaza, nsapato mbwee pakhomo, nyimbo mpaka mawu kusasa. Koma Lenifa ataimbira foni Chrissie wa ku Lanham, mnzake wa ponda apa nane mpondepo, mnzakeyo anangoti, "I'm so sorry, achemwali. Koma mukudziwa mmene zinthu zilili, passport ya amuna anga a Medson ili ku embassy ya Malawi." Palibe anabwera. Lenifa sanawade, pakuti masiku amenewo ankati pa Amalawi khumi alionse mmodzi ndi kazitape, ndipo aliyense ankaganizira mnzake. Bambo ake anali atapita ngati nkhuku yogwidwa ndi kabawi, popanda ndi mmodzi yemwe woti pepani pamaso.

Ntchito yake inali ya mawu. A Shen, nkhalamba ya ku China yomwe inapuma pa ntchito yomasulira, ankalemba buku lotanthauzira mawu a Chingerezi lothandiza anthu olankhula Chitchaina. Ankagwirira m'chipinda chapansi cha nyumba yawo, momwe mawu alionse anali ndi khadi lake m'mabokosi a nsapato. Lenifa, yemwe anali pa yunivesite, ankabwera kawiri pa sabata kudzalemba ziganizo za chitsanzo, a Shen n'kumazimasulira. Nkhalambayo inali ndi lamulo limodzi losapindika: chitsanzo chizichokera m'moyo weniweni. Ziganizo zonga "Yohane ali ndi pensulo" ankazing'amba pomwepo, amvekere Yohane ameneyu ndi mwana wa yani, nanga pensuloyo akufuna atani nayo.

Tsikulo anali pa chilembo cha N, ndipo a Shen anatulutsa khadi la mawu akuti nationalist. Anati mawu amenewa amasokoneza anthu akwawo. Ambiri akawaona m'nyuzipepala amangoganiza za chipani chija chinagonja pankhondo n'kuthawira ku Taiwan mu 1949, poti Achimereka amachitchula choncho, ndi chilembo chachikulu. Koma wophunzira ayenera kudziwa kuti mawuwa amanenanso munthu aliyense womenyera kuti mtundu wake udzilamulire wokha. Ndipo pakamwa pa ena amakhala chitonzo, kunena munthu woona ngati mtundu wake ndiwo unalengedwa m'mawa, ina yonse madzulo. Zitsanzo za tanthauzo loyamba ndi lachitatu anali atalemba kale. Chachiwiri anasiyira Lenifa, ati inu a ku Africa anthu otere muli nawo ambiri.

Lenifa anatenga cholembera, dzanja n'kumangoyenda lokha. Analemba m'Chingerezi kuti Fryson Kalekeni anali nationalist, azungu anamumanga mu 1959, boma limene analimenyera linamumanganso mu 1974, ndipo anafera m'manja mwake. Anapereka khadilo monga ankaperekera ena onse, nayamba kufunafuna lotsatira.

A Shen anawerenga kawiri. Poyamba analankhula ngati mmisiri: chiganizo chabwino, chikuonetsa bwino kagwiritsidwe ntchito ka mawuwo, kungoti chatalika. Kenako anavula magalasi nafunsa kuti Kalekeni ameneyu, wa dzina lofanana ndi lake, ndi ndani.

Anawauza zonse, za jekete, za lamulo, za foni ya Chrissie. Mawu ake ankatuluka osalala ngati akuwerenga mndandanda wa zokagula kusitolo. Ali mkati molankhula anakumbukira kuti bukulo lidzakhala ndi dzina lake patsamba loyamba, lidzagulitsidwa m'masitolo a mu Washington momwemo, ndipo Goodwin akadali ku Dowa. Analanda khadi lija, natenga lina, nalembapo kuti, "Agogo ake anali nationalist." Chinali chiganizo cha Yohane ndi pensulo chenicheni. A Shen anachiyang'ana, nachilowetsa m'bokosi.

Atatero anatambasula dzanja kupempha khadi loyamba lija. Lenifa anazengereza, koma anawapatsa. Iwo analiimika patebulo, litatsamira chitini cha masamba a tiyi.

Anamuuza kuti iwo anagwidwa ali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zinayi, akupita kumsika, ndi asilikali a chipani chomwe chija cha chilembo chachikulu. Anawaveka yunifolomu, nawaolotsa nyanja kupita ku Taiwan osatsazika. Mayi awo anamwalira ndi njala mu 1961, koma uthenga unawapeza mu 1972, utadzera ku Hong Kong. Zaka khumi ndi chimodzi anakhala akutumiza moni kwa munthu wakufa. Tsiku limene anamva, ati anapita kuntchito namasulira masamba makumi awiri a malamulo a zausodzi, osalakwitsa ndi pamodzi pomwe.

A Shen anaimirira, nakonza kolala ya malaya, naima moyang'anizana ndi khadi lija manja ali m'mbali. Anawerama katatu, pang'onopang'ono, mpaka dazi kuonekera lonse.

"Kwathu timatero," anatero. "Kwanu mumatani?"

Lenifa anayamba waganiza, ngati afunsidwa za dziko limene anangoliwerenga m'buku.

"Timakhala pansi. Anthu amabwera n'kukhala pansi pamodzi ndi ofedwa. Salankhula zambiri. Akazi m'nyumba, amuna panja."

A Shen anayang'ana kawindo kam'mwamba, komwe chipale chinali chitatseka theka la galasi, ndipo ankaoneka kuti akuganizadi zotenga chikhoti. Lenifa anawauza kuti za panjazo zisiyeni. Pamenepo nkhalambayo inagwira mwendo wa tebulo, niyamba ulendo wautali wopita pansi, maondo akulira ngati nkhuni zouma. Itafika inawongola miyendo pasimenti, pakati pa bokosi la M ndi la N. Lenifa anaona kuti sikoyenera kuti iye akhale pampando munthu wamkulu ali pansi, choncho anatsika nayenso.

Mayi Shen anatsika masitepe ndi tiyi, naima kukamwa kuli yasa. Amuna awo anawauza mawu ochepa m'chinenero chawo. Mayiwo anaika thireyi pa sitepe, navula masilipasi, nadzakhala pafupi ndi Lenifa mpaka mapewa kugundana. Chingerezi sankachidziwa, ndipo panalibe chofunika kunena.

Anakhala choncho. Makina otenthetsa nyumba ankayaka, n'kuzima, n'kuyakanso. Lenifa ankayang'ana dzina la bambo ake pa khadi, lolembedwa ndi dzanja lake lomwe, akudikira kuti china chake chisunthe m'chifuwa. Chimene ankamva chinali kuzizira kwa simenti kokha, kukulowa m'mafupa. Manyazi anamugwiranso, poona anthu okalamba akuvutika chifukwa cha iye.

"Pepani, bambo, misozi sikubwera," anatero. "Tiyeni tidzuke. Makadi a N akufunika kwa osindikiza Lachisanu."

"Kwanuko amakhala pansi mpaka liti?"

"Mpaka mwini maliro alire, atope."

A Shen anavula wotchi ya pamkono, naiika m'thumba.