Zala Zoviika Mumkaka

Nditakana kupita kunkhondo, khoti linandilamula kukagwira ntchito pafamu ya a Gadsby, kunja kwa mzinda wa Leicester. Kuchokapo kunali kusankha ndende. Oweruzawo analibe nazo ntchito zoti ine sindidya nyama kapena mazira, ndipo mkaka sindilawa.

"Wilfred, wakana kuwombera Majeremani, wakananso tiyi wamkaka?" ankandiseka a Gadsby. "Ng'ombe siifa ndi kukama, mwana iwe."

Kenaka ng'ombe ina, dzina lake Primrose, inabereka kamwana kamphongo. Pafamupo kamphongo sikasungidwa, akuti kamangomwa mkaka wogulitsa. Lole ya kophera nyama itafika, kamwanako kanakanirira pakhomo la khola. Anthu a loleyo anakakoka ndi chingwe, koma osasuntha.

"Kakweze ndiwe," anatero a Gadsby. "Iwe sikakuopa. Kapena ndibweretse ndodo?"

Ndinaviika zala mumkaka, monga timachitira pophunzitsa ana a ng'ombe kumwera m'chidebe. Kanayamwa zalazo, kakugwedeza mchira, n'kunditsatira mpaka m'lolemo.

Primrose inalira tsiku lonse mpaka mawu kusasa. Pofika madzulo bere lake linali litauma gwa, mkaka ukudontha. Ndinalumbira kuti sindiikhudza.

"Isiye choncho, bere litupe, idwale," anatero a Gadsby, akundipatsa chidebe. "Paja wachifundo pano ndiwe."

Ndinakhala pakampando. Ndisanayambe kukama, ng'ombeyo inatembenuka n'kununkhiza dzanja langa. Inasiya kulira, n'kuyamba kunyambita zala zija.