Timizere ta pa Felemu

Basi isanaime n'komwe, Waya anali ataimirira kale pachitseko, jekete ili paphewa, foni ili kukhutu.

"Ndafika, achimwene. Nyumba yake ndi yamasitepe kunjayi?"

"Yomweyo," anayankha Mkhalakale, mnzake wochokera kwawo amene anakalambira m'dziko lachilendoli. "Koma ndikupemphe chinthu chimodzi, mphwanga. Pakamwa pakopo umangepo. Kuno si kumsika kwanu."

"Musandiphunzitse kugula inu. Ine ndinagulapo njinga kwa munthu amene sankagulitsa n'komwe."

Waya anali wa zamagetsi, ndipo dzinali anamupatsa anzake chifukwa cha ntchitoyo komanso kuonda kwake. Kampani inamutumiza kunja kukathandiza kumanga fakitale, nkumuika m'chipinda cha mabedi osanjikizana, momwe wa bedi lapamwamba ankaliza mkonono ngati jenereta. Mkazi wake ndi mwana wawo wamkazi anatsala kwawo. Lamulo linali losakhota: banja silingabwere mpaka bambo atapeza nyumba yakeyake. Choncho akangoweruka ankalowa m'misewu, mtima uli m'mwamba. Nyumba ina anaipeza ili pansi pa nthaka, yopanda zenera. Ina anafika atatenga kale ena. Kwina mwini wake atangomva kalankhulidwe kake, nyumba inapezeka kuti yatha mwadzidzidzi.

Amene anamutsegulira tsiku limeneli anali mayi wachikulire, waimvi mbuu, atavala epuloni. Iwo ankakhala m'zipinda zapansi, ndipo ankafuna munthu wolowa m'zipinda zam'mwamba.

Atangolowa, Waya anadziwa kuti wafika. Kukhitchini dzuwa linkalowa mpaka pakabati. Kachipinda kakang'ono kanali ndi zenera loyang'ana pabwalo la sukulu. M'maganizo anamuona mwana wake atatsamira pazenerapo.

Koma Waya anakulira m'misika. Kwawo chinthu ukachikonda suonetsa mano, chifukwa ukangoyamikira mtengo umakwera pomwepo. Umayamba wachinyoza kaye, wogulitsa nkudandaula, inu nkukumana pakati, kenako nonse nkuseka. Ndiye anakwinya nkhope. Anagogoda khoma nkupukusa mutu. Anatsegula mpopi nkuuyang'ana ngati wamulakwira.

"Mmm, mayi, nyumbayi yatopa," anatero m'chinenero cha kuntchito chimene onse ankamvana nacho.

Mayiwo anangomwetulira pang'ono. Waya anaona kuti sizinalowe, nkufunafuna china. Pa felemu ya chitseko cha kukhitchini panali timizere ta pensulo tambirimbiri, tina titazilala.

"Nanga izi? Zolembalemba chonchi? Uve umenewu, mayi. Munthu angalowe bwanji m'nyumba yosapenta?"

Kumwetulira kuja kunazima. Mayiwo anayang'ana felemuyo nthawi yaitali.

"Ndamva, bambo," anatero motsitsa mawu.

Waya anadikira kuti anene zochotserako mtengo. Sananene. Ndiye anachita chomaliza chimene wogula aliyense wochenjera amachita: anatsanzika nkuyamba kutsika masitepe pang'onopang'ono, khutu lili kumbuyo, kudikira kuitanidwa. Pasitepe yomaliza anaima nkumanga chingwe cha nsapato chomwe chinali chomanga kale. Chimene anamva ndi chitseko chikutsekedwa.

Mawa lake kuntchito manja sankagwira bwino. Sikuludiraiva inamugwa kawiri, mpaka kapitawo anamuyang'ana ndi diso la kumbali. Pa nthawi yopuma anamufotokozera Mkhalakale zonse, ndipo mkuluyo anaseka mpaka kutsamwa tiyi.

"Iwe ndiwe mbuzi yeniyeni! Unayembekeza kuti gogo ameneyo akuthamangira pamasitepe?"

"Nanga si mmene zimakhalira?"

"Kwanu! Kuno mtengo akanena, anena. Ukanyoza nyumba amamva kuti wanyoza iwowo. Ndinakuuza kuti umange pakamwa, iwe nkukamasula ndi zomangira zomwe."

Waya asanayankhe, foni inalira. Anali akunyumba.

"Bambo a mwana, nkhani ya nyumba ili pati?"

"Zili m'njira, mayi."

"Njira yake yosafika imeneyo? Anthu kuno ayamba kundifunsa ngati munapeza wina." Anaseka, koma kusekako kunali kowuma. "Mwana wanu nayenso sakundipatsa mpata. Dzulo wandiimitsa pakhomo kuti ndimulembe."

"Kumulemba chiyani?"

"Msinkhu. Amaima chilili pa felemu, ine nkujambula kamzere pamwamba pa mutu wake. Akuti adadi akadzaona adziwe kuti wadutsa chogwirira chitseko."

Timizere tija tinabwerera m'maso mwa Waya. Sitinali tolembalemba chisawawa ayi. Tinkakwera m'mizere iwiri, kuyambira m'mawondo mpaka kupitirira mutu wake, ndipo pambali pa kalikonse panali timanambala. Manyazi anamugwira.

"Halo? Mukundimva?"

"Ndikuimbiranso, mayi a mwana."

Anapempha kapitawo kuti atuluke, osadikira n'komwe yankho lomveka. M'basi sanakhale pansi. Njira yonse ankakonza mawu: kuti nyumbayo ndi yabwino kuposa zonse zimene anaona, kuti mpopi ulibe vuto, kuti kunyoza kuja ndi chizolowezi chabe cha kwawo, ndipo felemu ija asaikhudze.

Fungo la penti linamulandira ali pakati pa masitepe.

Chitseko chinali chotsegula. Pansi anayalapo manyuzipepala, ndipo mayi aja anali atakhala pampando, burashi ili m'manja, akupuma movutikira. Felemu yonse inali yoyera mbee, ikunyezimira.

"Mwabweranso," anatero. "Munanena zoona, bambo. Ine ndinazolowera kuziona, ndiye sindinkadziwa kuti kwa ena ndi uve. Anyamata anga awiriwo anakula kalekale. Wamkulu ali kutali ngati inuyo, sabwerabwera. Wamng'ono anatisiya." Anaika burashi pachitini. "Tsopano mwayera. Mutenga?"

Waya anagwada pamanyuzipepala paja monga amagwadira kwa apongozi.

"Mayi, ndinalakwa. Nyumbayi ndinaikonda nditangolowa. Kwathu timanyoza chinthu kuti atichotsereko mtengo, basi. Sindinadziwe kuti ndi ana anu."

Mayiwo anamuyang'ana, kenako anayang'ana felemu.

"Ndiye munkangoyerekeza?"

"Eya, mayi."

Panja ana a sukulu anali kuweruka, phokoso lawo likulowera pazenera lija. Mayiwo anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, penti nkuwatsalira patsaya.

"Dzukani, mudetsa buluku," anatero. "Muli ndi mwana?"

"Mmodzi, wamkazi."

"Wamtali bwanji?"

Waya anaika dzanja m'chiuno mwake. Kenako anakumbukira za chogwirira chitseko, nkulikweza pang'ono.

Mayiwo anapisa m'thumba la epuloni nkutulutsa kiyi. Anapita pakabati, nkutsegula dirowa, nkufufuza pansi pa masipuni mpaka anapeza kapensulo kakafupi kolumidwalumidwa kumapeto. Zonse ziwiri anaziika m'dzanja la Waya.

"Mudikire iume kaye," anatero, nkuyamba kutsika masitepe atagwira khoma.