Mzere Umene Achimwene Sanamalize

Achimwene anagwa pamasitepe a ofesi yathu atanyamula kapu ya tiyi, ndipo sanadzukenso. Adokotala anati ndi mtima. Ofesiyo inali ya ife awiri, kachipinda ka pamwamba pa shopu yosindikiza makadi, momwe tinkasamaliramo maseva, makompyuta akuluakulu osunga mafayilo a timakampani ting'onoting'ono. Ntchitoyi anandiphunzitsa ndi iwowo, ine mlongo wawo amene poyamba ndinkaopa sikirini yakuda ngati mutuluka njoka.

Maliro atangotha, foni inayamba kulira. Mayi wa kufamase ina anati makompyuta awo akukana kusunga chilichonse. Ndinapita kuofesi dzuwa lili paliwombo, limodzi ndi alamu anga, mkazi wa malemuwo, amene ankafuna kukatenga katundu wa amuna awo.

M'chipindamo munkazizira ngati m'firiji, mafani a makina akungolira okha. Ndinakhala pampando wanga n'kulemba df -h, lamulo loonera malo amene atsala padisiki. Inali itadzaza thothotho. Kenako, mwa chizolowezi chabe, ndinalemba who kuti ndione amene alowa m'seva. Panatuluka mayina awiri, langa ndi la achimwene.

"Si dzina la abambo a kunyumba ilo?" anafunsa alamu, ataima kumbuyo kwanga ndi katoni m'manja.

"Musadandaule, alamu. Anasiya tmux yotsegula. Ndi kapulogalamu kosunga ntchito ya munthu ngakhale iye atachokapo. Zili ngati kusiya wailesi ikulira m'nyumba."

"Ndi mmene analili. Magetsi a kubafa sanazimitsepo chikwatirane."

Tinaseka pang'ono, koma kusekako sikunapite patali.

Ndinalowa m'tmux ya achimweneyo kudzera pa sudo, lamulo londipatsa mphamvu za woyang'anira seva. Pansi pa sikirini panali mzere umene anaulemba tsiku lomwe anagwa, koma sanadine Enter:

rm -rf /data /zakale

Lamulo la rm ndi lofufutira mafayilo. Ankafuna kufufuta foda ya mafayilo akale yomwe ili m'kati mwa data, koma chala chinaponya mpata pakati. Ndi mpata umenewo, lamulolo likanasesa data yonse, ya famase ija ndi ya makasitomala ena onse, ndipo rm ikafufuta sibweza. Ndinachotsa manja pakiyibodi n'kuwaika pamiyendo.

"Ndi uthenga?" alamu ananong'ona. "Andilembera ine?"

"Ayi. Ndi ntchito chabe. Koma analakwitsa malo amodzi."

Anaika katoni pansi n'kundigwira dzanja. Tili chigwiranire choncho, kamzere kophethira kaja, kosonyeza pamene munthu akulemba, kanayamba kubwerera m'mbuyo. Kankayenda chilembo chimodzi chimodzi, mosathamanga, mmene ankachitira achimwene akamawerenganso zimene alemba. Kanafika pa mpata uja n'kuima. Mpatawo unafufutika.

Pansi, makina osindikiza makadi ankangogunda ngati palibe chachitika.

"Wachita ndiwe?" anatero alamu.

"Dzanja langa muli nalo ndinu. Linalo lili apa."

Ndinatsegula windo lina n'kulemba tmux list-clients, lamulo losonyeza onse amene alumikizidwa ku tmux imeneyo. Mumtima ndinkapempha kuti ndipeze wakuba, munthu wamoyo amene waba pasiwedi, woti ndingathe kumutsekera kunja. Panatuluka mzere umodzi wokha, wa ine. Ndinasuzumira kuseri kwa makina ngati pali kiyibodi ina yolumikizidwa. Kunali fumbi ndi mawaya basi.

Alamu anakoka mpando wa amuna awo n'kukhala moyang'ana sikirini.

"Bambo ake," anatero ndi mawu a kunyumba, aja oitanira munthu kudzadya, "ana ali bwino. Wamng'ono uja wayambanso kupita kusukulu."

Kamzere kaja kanangophethira.

Sindinadine Enter pa mzere wawowo. Achimwene ankati usanafufute kanthu, pamalo pa rm uyambe waikapo ls, uone ndi maso ako zimene ukufuna kupha. Ndinatero m'windo langa. Munalidi zinthu zakale zokhazokha, zomwe tinali titazikopera kale kwina. Ndinazifufuta m'dzina langa, disiki inapuma, ndipo mayi wa kufamase anaimba foni kuthokoza.

Chotsatira chinali kutseka akaunti ya achimwene, monga timachitira munthu akasiya ntchito. Ndinalemba passwd -l kuti pasiwedi yawo isagwirenso. Nditayamba kulemba pkill, lamulo lothetsa zonse zimene zikuyenda m'dzina la munthu, alamu anandigwira pamkono.

"Usawathamangitse. Achoka okha."

Ndinawasiya. Kwa milungu ingapo ndinkagwira ntchito chitseko chili chotsegula, ndipo windo la achimwene sindinkaliyang'ana. Koma seva siikhala mpaka kalekale osazimitsidwa. Inafika nthawi yoti ndiikemo zatsopano zotseka mipata ya akuba, ndipo zimenezo zinkafuna kuti iyambenso. Ikayambanso, tmux imatha.

Ndinawaimbira alamu. Anabwera m'mawa atavala diresi yawo ya kutchalitchi. Ndinatumiza chenjezo kwa onse olowa m'seva ndi shutdown -r +5, lomwe limapereka mphindi zochepa kuti aliyense asunge ntchito yake n'kutuluka. Kenako ndinatsegula windo la achimwene.

Chenjezolo linaonekera pamenepo. Tinadikira. Mzere wa rm uja unayamba kufufutika kuchokera kumapeto mpaka unatha wonse. Pamalo pake panalembedwa zilembo zinayi, pang'onopang'ono: exit. Windo linatsekeka seva isanazime.

Alamu anaimirira n'kukonza diresi yawo.

"Sanatsanzike n'komwe," anatero. "Ndiperekeze pokwerera basi, mlamu."

Ndinawapempha kuti adikire kaye seva idzuke. Titaona kuti zonse zayaka bwino, ndinakhoma chitseko, tinatsika.