Matuza a Mzime ndi Khoswe wa M'khitchini

Tandimasulirani ichi, inu odziwa sukulu: kachitsime kopanda wokumba, madzi ake samwa, koma mwini wake amakavinira msewu wonse. Mwalephera? Vulani nsapato, mwina muli nako. Ndi thuza.

Mzime anali nawo matuza, chidendene chilichonse ndi lake, ena ang'onoang'ono ali ndondondo pa zala ngati anapiye. Mtsikanayu ndi wotsiriza kubadwa kwawo, ndiye dzinalo linangomata. Anabwera m'tauni kudzakhala kwa achemwali ake, ndipo alamu ake anamutenga kuti aziwanyamulira makatani. Ntchito yawo inali imeneyo: telala akasoka, iwo n'kupita kunyumba ya wogula, kukhoma ndodo pamwamba pa windo, n'kukoloweka.

Alamuwo ankatchedwa a Ziboda, dzina lodzipatsa okha. Ankati awo si mapazi koma ziboda, phula la m'tauni limawaopa, minibasi ndi ya odwala. Wonyamula wakale anamuchotsa ntchito chifukwa chotsimphina. Tsiku loyamba lomwe anauza Mzime, chakudya chili m'kamwa, kuti munthu wa mapazi a nthochi yakupsa abwerere kwa amake akaŵete nkhuku.

Nsapato zinali zobwereka kwa achemwali, zakuda, zonyezimira, zothina. Atafunsidwa ngati zikukwana, Mzime anati zikukwana bwinobwino, poti zake zinali patapata womangidwa ndi waya, ndipo ankachita nazo manyazi. Bodza limenelo ndi lomwe linayamba kumudya zidendene.

Ndiye mumuone mwana wa eni kumbuyo kwa alamu, mtolo pamutu, ataluma mano. A Ziboda akacheuka, iye n'kuwongoka ngati msilikali, kumwetulira. Akayang'ana kutsogolo, iye n'kumayendera zala. Pa maloboti anthu oyenda pansi amatopa kudikira, koma Mzime ankapemphera kuti magalimoto asathe. Akaweruka ankadzitsekera m'bafa, kutsegula mpopi kuti kubuula kusamveke, n'kuviika mapazi m'madzi amchere. Thuza lalikulu ankaliboola ndi singano yowotcha pa machesi, kudzoza mafuta, n'kukulunga kansanza kong'amba ku pitikoti. Sokosi ankayanika kuseri kwa chitseko, kuopa kuti wina angaone mawanga.

Panyumbapo panalinso mlandu wina. Chinkhupule chotsukira mbale chinkachepa. Lero chathunthu, mawa chadyeka ngodya, mkuja chatsala ngati bisiketi. Achemwali ankati ndi khoswe, koma diso lawo linkagwera pa Mzime, poti ndiye wotsuka mbale. Mwanayo ankangozyolika, ngati wadyadi chinkhupule. A Ziboda anatchera msampha n'kulumbira kuti khoswe ameneyo akamugwira adzamupachika pawindo ngati katani.

Tsiku lina anapita kwa mayi wina wokhala pamwamba penipeni pa nyumba yosanjikizana, chikepe chitafa. Pofika pakhomo, Mzime ankamva kunyowa m'nsapato. Mayiyo anatsegula, kumbuyo kwake kuli kapeti yoyera ngati mkaka, yongogula kumene, n'kupempha mwaulemu kuti nsapato zitsale panja.

Mzime anayang'ana nsapato zake. Anatula mtolo, kuwerama, n'kuvula pang'onopang'ono. Sokosi inali itamatirira, yofiira pachidendene, kansanza ka pitikoti kakusuzumira pabowo. Mayiyo anagwira pakamwa. Mzime anangoti maso pansi, m'maganizo ali kale m'basi yobwerera kwa amake.

"Ndinanena ine," anatero a Ziboda. "Nthochi, mayi. Ana a masiku ano ndi nthochi zokhazokha."

"Pepani mwanangu," anatero mayiyo kwa Mzime. Kenako anatembenuka. "Nanunso bambo, vulani."

Apa a Ziboda anayamba nyimbo zambirimbiri. Akuti chingwe chamanga mfundo. Akuti makwerero amaterera ukakwera ndi sokosi. Akuti nsapato zawo n'zoyera moti mungadyeremo. Mayiyo anaima pakhomo nji, nati ngati zili choncho makatani abwerere kwa telala. Munthu wamkulu anakhala pansi pa sitepe, thukuta lili kamukamu. Anakoka yakumanja, kanthu kachikasu n'kugwa, kudumpha pang'ono pasimenti. Anakoka yakumanzere, kanagwanso kena, kobiriwira mbali imodzi, kuja kokwechera mapoto. Sokosi inali yobooka, ndipo pachidendene panali chithuza choti la Mzime likanachitchula kuti agogo.

Mzime anatola kachidutswa kamodzi n'kukatembenuza. Kankanunkhirabe sopo wa mbale, kuphatikiza zina zomwe sindinena.

"Alamu," anatero motsitsa mawu, "msampha uja mukautchere m'nsapato. Khoswe amagona momwemo."

Mayiyo anafunsa za khoswe, Mzime anafotokoza zonse, ndipo mayi anaseka mpaka kutsamira chitseko, uku akuitana mnzake wa khomo loyandikana kuti adzaone ziboda zogona pa matiresi. Mnzakeyo anatuluka ndi chipande m'manja, naye n'kugwira nthiti. Mwini kapeti uja atapukuta misozi anatulutsa pulasitala, n'kuyamba kumata Mzime. A Ziboda anadikira pamzere, phazi lili m'mwamba, akunong'oneza kuti kuyambira mawa onse awiri azikwera minibasi, bola achemwali asamve.

Mzime anavomera ndi mutu, mapewa akugwedezeka ndi kuseka, kachinkhupule katalowa kale m'thumba.