Makeshya a Hamilton

Munda wa ku Mbungo anaugawana pachibale: chakumtunda Hamilton, chakumunsi mng'ono wake Yoswa. Yoswa anabzala chinangwa ngati wina aliyense. Hamilton anabzala mitengo ya keshya, atamva kuti kampani ina ya kutsidya kwa nyanja ikugula mitengo yokula msanga kuti izipangira mafuta a injini.

Mitengoyo sinachedwe. Mthunzi wake unagwera kumunsi, mizu n'kulanda madzi, chinangwa cha Yoswa n'kutsala ngati tizala ta mwana. Koma chimene chinkamuwawa kuposa kondowole wochepa chinali dzina. Pamsika wa Chipyela anthu ankati "a Mafuta abwera", kumupatsa mkulu wake mpando. Yoswayo anthu ankangomufunsa ngati a Mafuta adzuka bwino.

Yoswa sankadziwa kuti a Mafutawo anali atagwa kale mphwayi. Kampani inkagula mitengo yokhayo yofika padoko. Ukalipira aganyu odula, n'kulipiranso boti, sutsala ndi kanthu. Hamilton anali atauza mkazi wake kuti mvula isanabwere azula zonse, abwerere ku chinangwa.

Tsiku lina Hamilton atawoloka nyanja kupita ku Cobue kukagula nsungwi, Yoswa anatenga nkhwangwa. Anadula dzuwa lili pamutu, anthu akuona, mtengo uliwonse akuutchula dzina la mkulu wake. Pomaliza, manja ali matuza okhaokha, sipanatsale woimirira. Anakhala pachitsa kudikira ndewu, mawu atawakonza kale: munda ndi wa tonse, dzuwanso ndi la tonse.

Hamilton atafika anayendera zitsa chimodzichimodzi, akuyeza ndi bondo lake. Kenako anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Wadula bwino, mphwanga. Pabondo penipeni, momwe akampani amafunira."

Yoswa anamuuza kuti asiye zachibwana, amumenye ngati ndi mwamuna. Hamilton anangoti alibe nthawi, boti lonyamula katundu la a Rafael likunyamuka Lachisanu, ndipo popeza kudula kwachitika kwaulere, ulendo uno pali phindu. Zozulazo wazisiya.

Mvula itagwa, chitsa chilichonse chinaphuka mphukira zambirimbiri, zothinana kuposa kale. Yoswa anaima m'chinangwa chake, mthunzi ukumufika m'chiuno. Mkulu wake anamuitana ali kumtunda, atavala nsapato zatsopano.

"Yoswa, ukadzapsanso mtima undiuziretu, ndikunolere nkhwangwa."